Mbiri Imene Dunstan Anawonjezera pa Maliro

Dunstan ndinamudziwira ku tchalitchi ku Finglas. Kwawo n'ku Ntcheu. Ankasamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inkamusunga mu Ireland. M'mawa uliwonse ankakwera sitima ya pamtunda yopita ku Skerries kukasambitsa a Ewald, nkhalamba ya ku Germany imene inakalambira kuno ikuphika buledi.

Msana wa a Ewald unali zipsera zokhazokha. Posamba m'pamene ankamasuka kuyankhula. Ali mnyamata anawatenga kukayendetsa kasinja m'gulu lina la akasinja a Germany. Gululo linamenya nkhondo ku Russia, linatentha midzi, kenako linabwerera chothawa m'chisanu, mafuta atatha. Kasinja wawo ataphulitsidwa anatulukamo okha, malaya akuyaka. Anzawo anapsera momwemo.

A Ewald atamwalira, Dunstan anandipempha kuti ndimuperekeze ku maliro. Mwana wa malemu, mayi Deborah, anaima kutsogolo nanena za buledi, za agalu, za mabwato a padoko. Kenako anakhala pansi.

"A Cornelio," Dunstan anandinong'oneza, "mbiri yathera pomwepa?"

"Khala chete, mphwanga."

"Ayi, aiwala. Munthu saikidwa m'manda ndi mbiri yoduka."

Kwathu zikatero, wodziwa amaimirira n'kuwonjezera, abale n'kuthokoza. Dunstan anaimiriradi, manja kumbuyo, nafotokoza mwaulemu: za kasinja, za midzi, za anzawo aja amene malemu ankawatchula mayina akulira. Adzukulu anayang'anana. Iwo ankadziwa kuti agogo awo anapsa ndi uvuni.

Panja mayi Deborah anamupeza Dunstan.

"Ndani anakutumani?"

"Palibe, mayi. Ndimawalemekeza."

"Lero mwaika bambo anga awiri, ndipo mmodziyo sindimudziwa."

Kampani imene ankagwirako inamuchotsa ntchito, ati anaulula za m'nyumba mwa wodwala. Kwina konse kumene anakafunsira, nkhaniyo inali itafika kale. Tsopano amangokhala m'chipinda cha mnzake, kudikira tsiku limene boma lidzamuuze kuti achoke m'dziko muno. Waonda. Ku tchalitchi amakhala mpando wa kumapeto, ndipo saimba.

Lamlungu lapitali tinaima limodzi podikira basi, mvula ikuwaza.

"A Cornelio, ine ndikafera kuno, mbiri yanga adzanena ndani?"

Za ku Ntcheu sindizidziwa. Ndikudziwa za ku Skerries zokha.