Zopserera za Mayi Chipande

Alamu anga, akazi a achimwene, amagawa chakudya m'holo yodyera ophunzira pa koleji. Ana amawatcha Mayi Chipande. Sindinena kuti ndi munthu wodabwitsa. Ndi aafupi, amawu ambiri, ndipo epuloni yawo imagwira ndi pini pomwe panali batani. Ine ndimasunga makiyi a sitolo ya khitchini, choncho ndimawaona tsiku lililonse pa kawindo.

Kagawidwe kawo kanali kawiri. Mwana wakuda akafika ndi mbale, kaya ndi wa mtundu uti, ankayamba ndi kumukalipira.

"Iwe, chipeso chinakulakwira chiyani? Bweretsa mbaleyo. Dzulo unasiya masamba, ndinakuona."

Akatero ankapala pansi pa poto n'kumuikira mpunga wopserera, umene ana amaulimbirana.

Koma akafika mzungu kapena mmwenye, alamu ankawongoka, kumwetulira mano onse, kutapa mpunga woyera wa pamwamba, osanena kanthu. Anakulira kuseri kwa nyumba ya mzungu kumene bambo awo anali kuki, ndipo anaphunzira kuti mlendo sapatsidwa zopserera, safunsidwanso za tsitsi.

Ophunzira ena, motsogozedwa ndi mtsikana wina amene anzake amamutcha Loya, anakadandaula kwa bwana wa khitchini kuti Mayi Chipande amasekerera azungu okha. Bwana anawaitana alamu ine ndili pomwepo ndikuyeza mafuta.

"Mayi, aliyense muzimulandira chimodzimodzi. Zikakanika, mupita kuseri kukatsuka mapoto."

Kuseriko kuli sinki ndi khoma basi, kulibe mwana woti n'kumufunsa za chipeso. Alamu anatuluka n'kubwerera ku chipande chawo.

Madzulo kunyumba achimwene anati, "Chovuta n'chiyani, mayi a ana? Ingosekererani onse. Mukhoza kuyambira pa ine."

Alamu anawayang'ana mpaka achimwene anakumbukira kuti njinga yawo ili panja.

M'mawa mwake alamu anamwetuliradi aliyense. Mzere unali zii, mbale zokha n'kumalira. Loya atafika anayang'ana mpunga wake woyera, kenaka nkhope ya alamu.

"Amayi, mukudwala?"

"Ndili bwino, zikomo. Mudye bwino."

"Nanga zopserera?"

"Alendo sapatsidwa zimenezo."

Loya anachoka akuyenda ngati wapondedwa chala.

Masana kunagwa mvula. Bwana anaima pakhomo la khitchini, manja kumbuyo, kuona ngati lamulo likugwira. Pa mzere panali mnyamata wachizungu, wamtali ndi wowonda, amene anzake a m'chipinda anamutcha Mlongoti ndi kumuphunzitsa Chichewa chawo. Anafika atanyowa chapachapa, malaya atamatirira nthiti. Alamu anamwetulira. Mnyamatayo anakhosomola. Kumwetulira kuja kunayamba kunjenjemera. Anakhosomolanso.

"Iwe Mlongoti! Mvula yonseyi wopanda juzi? Amako anakutumiza kuno kudzaphunzira kapena kudzatipatsa maliro? Ndiponso masamba umasiya tsiku ndi tsiku, ukuyesa ndilibe maso?"

Holo yonse inaleka kutafuna. Alamu anagwira pakamwa n'kucheukira kwa bwana. Ine ndinayamba kale kuganiza za sopo wa mapoto.

Mlongoti anafiira mpaka makutu. Kenaka anatambasula mbale ndi manja awiri.

"Pepani, amayi. Ndiye poti mwandikalipira, zopserera zija ndilawako lero?"

Ana anaseka mpaka ena kumenya matebulo. Alamu anapala pansi pa poto, chipande chikulira, n'kumuunjikira, masamba pamwamba.

"Umalize onsewo. Mbale ndidzaiona."

Loya anadzuka pomwe anakhala, nabwerera kumapeto kwa mzere ndi mbale yake. Bwana anayang'ana denga kwa kanthawi.

"Bola zikhale chimodzimodzi," anatero, n'kulowa mu ofesi.

Alamu akadali pa chipande. Tsopano palibe amene amapulumuka. Sabata yatha ndinamva akufunsa mtsikana wachimwenye ngati kwawo kulibe chakudya, poti manja ake ali ngati mapensulo, iye n'kuyankha kuti a Chipande ayambe aonjeza nyama. Achimwene akuti kunyumba sanaone kusintha kulikonse.

Vuto latsala limodzi. Poto ali ndi pansi pamodzi pokha, zopserera sizikukwanira. Dzulo alamu anasuzumira pa kawindo kanga.

"Alamu, mukawauze akuki asamaphule msanga mpungawo. Ana achuluka."