Bambo Amene Sanadziwe Kupepesa Maliro

Achimwene anga atamwalira, alamu anga anatsala okha m'nyumba ya lendi ku Chibavi. Anali ndi makina osokera, komanso puloti ku Lupaso imene malemuwo anasiya atangokumba maziko. Alamuwo ndi Atumbuka a mu Mzuzu momwemuno, anthu osalankhulalankhula. Ine ndine wa ku Ntcheu, ndinabwera kuno ndi ntchito ya uphunzitsi, ndipo pakamwa panga sipachedwa kutseguka.

Patapita zaka, ndinaona kuti alamu ayamba kumwetulira foni. Anandiululira okha, mwamanyazi ngati kamtsikana, kuti apeza bambo pa intaneti, mzungu wa ku Ulaya wogwira ntchito pa sitima yapamadzi, amenenso mkazi wake anamwalira. M'mawa uliwonse ankawafunsa mmene adzukira. Ndinawapempha kuti ayimbe foni yoonana nkhope, ndimuone. Akuti kamera yake inawonongeka. Munthu woyendetsa chisitima chonsecho, kamera yokha kumukanika!

Kenako kunabwera nkhani ya katundu. Bamboyo anati watumiza mphatso ndi mphete, koma zagwidwa pabwalo la ndege, ndipo pakufunika ndalama zoombolera. Alamu anayamba kufunafuna wogula puloti ija. Ndinapsa mtima, ndipo ndinawalalatira mpaka aneba kusuzumira.

Anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Yewo, mlamu, ndamva. Koma inu muli nawo wokufunsani ngati mwadya. Ine wondifunsa ndi ameneyu."



Wogula atapezeka, mayi awo a alamu anamwalira ku Katoto. Malonda anayamba aima. Pamaliropo kunali kamvula kowaza, kozizira, ndipo anthu anabwera ambiri: azimayi a kutchalitchi, makasitomala, ngakhale mayi wina amene anakangana nawo pa nkhani ya diresi. Aliyense ankalowa, kugwada, kuwagwira dzanja alamu n'kunena m'Chitumbuka kuti, "Pepani chomene." Ena ankasiya ufa, ena nkhuni. Palibe amene anawafunsa za nsalu yake yosasokedwa.

Ndinakhala nawo pamphasa, phewa ndi phewa. Masana foni inanjenjemera m'chitenje chawo. Anali atamuuza bamboyo za malirowo, ndiye anaitulutsa mwachangu, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuwala pang'ono. Anawerenga, n'kundipatsira kuti nanenso ndione. Mzere woyamba unali woti pepa wokondedwa, limba mtima. Wachiwiri unali woti a kubwalo la ndege akuti lero ndi tsiku lomaliza, utumize ndalama zija.

Ndinkafuna kutukwana, koma anandigwira bondo. Anamulembera bamboyo modekha kuti amalume awo ali panja, iye ayimbe foni awapepese monga amachitira mkamwini, ngakhale mawu okha. Yankho linabwera msanga: netiweki ikuvuta panyanja, koma nambala yotumizirapo ndi iyi.

Alamu anayang'ana bokosi la mayi awo nthawi yaitali. Kenako anandinong'oneza kuti, "Mlamu, munthu wa chikondi sangatambasule dzanja pamaliro. Uyu si munthu wanga. Kaya ndi munthu n'komwe."

Anamutseka pa foni okha, ndi chala chawo, n'kufufuta zithunzi zake zonse chimodzichimodzi. Sanandipemphe kuti ndiwathandize. Wogula puloti uja analinso pamaliropo, ndipo alamu anatuma mwana wa achemwali awo kukamuuza kuti asadikirenso.

Ndimawasilira alamu anga mpaka lero. Ine ndinazindikira msanga chifukwa ndinalibe chotaya. Iwo anazindikira ali m'kati mwa chikondi, pa tsiku limene ankafunitsitsa mawu otonthoza, ndipo anasankha kukhala opanda mawuwo kusiyana n'kuwagula.

Azimayi atayambanso nyimbo, alamu analira mokweza kuposa m'mawa. Ndinawakumbatira n'kuwauza kuti mayi apumula, asadzipweteke.

Anati, "Ndisiyeni, mlamu. Ndikulira anthu awiri. Mmodziyu mawa timuika m'manda. Winayo ndilibe n'pokamuika pomwe."