Matayala Anayi a Bambo

Chinali chaka cha 1968, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala ku Kawale. Kuseri kwa nyumba kunali kamsewu kowongoka, kuchokera pa mpopi kukafika pa mtengo wa mango. Loweruka lililonse tinkathamangitsapo galimoto za mawaya, awiriawiri, aliyense atagwira chiwongolero chake chachitali.

Ana a masiku ano amayesa kuti kunali kungothamanga chisawawa. Ayi. Kunali magulu atatu, ndipo gulu silinkatengera msinkhu wa munthu koma matayala. A zitsekerero za mabotolo ankapikisana okhaokha. A zitini za polishi, okhaokhanso. Pamwamba panali a mphira, a matayala a waya wokulungidwa ndi chubu cha njinga, amene sankagwetsa galimoto ngakhale uthamange bwanji. Odziwa kupanga otere anali anyamata akuluakulu okha, choncho za msinkhu palibe anaziganizapo. M'gulu limenelo wogonja ankapereka tayala limodzi kwa wopambana.

Ine ndinali wa zitini, ndipo kumeneko panalibe wondiposa.

Bambo ankakonza njinga pafupi ndi msika. Sanali munthu woseka ndi ana. Lamulungu lina, titachokera ku tchalitchi, anaiona galimoto yanga pakhonde, naitembenuza, n'kunena kuti zitini n'zochititsa manyazi pakhomo pa mmisiri. Anakhala masana onse akupinda masipoko ndi kudula chubu. Ndikukumbukirabe fungo la mphira ndi girizi wa m'zala zawo. Ndinaima pambali, ndikudziwa chimene chikubwera. Koma ungawaletse bwanji bambo ako pa tsiku loyamba limene akukupangira chinthu ndi manja awo?

"Tenga," anatero. "Ukathamange ngati mwana wanga."

Woweruza mipikisano anali Saidi, mwana wa telala, chifukwa ndiye anali wamkulu pa tonse. Loweruka anangotsina tayala limodzi n'kundilozera kwa akuluakulu. Ndinamuchonderera. Ndinati miyendo yanga ndi yomwe ija ya sabata yatha. Ndinati andilole ndibwezeretse zitini. Iye anati galimoto ikakwera gulu sitsikanso.

"Aise, ife timayang'ana galimoto, osati miyendo."

Anandiika ndi Lefani wa Sitandade 6, amene mutu wanga unkalekeza m'khwapa mwake. Pamene ankagunda mtengo wa mango, ine n'kuti ndisanafike n'pakati pomwe. Anamasula yekha tayala lakutsogolo, osafulumira. Pamalopo ndinaikapo chitini. Galimoto inayamba kukokera kumanzere.

Loweruka lotsatira ndinakhala pakhomo, galimoto nditaibisa m'khola la nkhuku. Bambo atabwera kudzadya masana anafunsa chimene ndakhalira anzanga akuthamanga. Ndinapita. Tayala lachiwiri linapitanso kwa Lefani. Kenako lachitatu. Pa tayala lachinayi, ngakhale Saidi anayang'ana kumbali. Ndinatsala ndi zitini zinayi, komabe ndili wa gulu la mphira.

Tsiku lina ndinakapereka chakudya ku ntchito kwa bambo. Lefani anadutsa pamsewu akuyendetsa galimoto yake, matayala onse anayi ali athu aja. Mmisiri sasokonezeka ndi ntchito ya manja ake. Bambo anaitsatira ndi maso mpaka inakhota. Sanandifunse. Sanandimenye. Anaweramira njinga imene ankakonza, nati ndisiye mbale pansi ndizipita.

Ndagwira ntchito ya umakaniko ku Kanengo mpaka kupuma. Palibe galimoto ya munthu imene ndinaiwonjezera mphamvu ndisanamufunse msewu umene amayenda ndi amene amayendetsa. Adzukulu akandibweretsera zidole zawo, ndimayamba ndafunsa malamulo a kumene amasewera. Amati ndine wovuta. Anene.

Chaka chimenecho ndinataya matayala anayi, masipoko asanu ndi atatu, ndi malo anga pa gulu la zitini. Bambo anakhala ndi moyo zaka zina makumi awiri ndi chimodzi. Sanandipangirenso kanthu.