Dzanja Lamanzere la Mayi Vlasta

Mayi Vlasta Pokorná anabadwa amanzere, koma m'tauni monse ankadziwa zimenezi ndi amuna awo okha, a Oldřich, amene anawapezerera kangapo kukhitchini akudula buledi ndi dzanja loletsedwalo. Zinayambira kusukulu, chaka cha 1964. Mphunzitsi wina wamkazi, wa milomo yopyapyala, anaona kamtsikana katagwira pensulo kumanzere. Anamasula lamba wa epuloni yake n'kumangirira dzanjalo kumpando, ana onse akuseka. Masiku amenewo kuno ku Moravia zinali choncho basi, panalibe kholo lopita kukadandaula. Pofika Khirisimasi Vlasta ankalemba ndi lamanja, lamanzere atalibisa pansi pa tebulo ngati mwana wobisa mbale imene waswa.

Anakula nazo. Zaka makumi atatu ndi zinayi anaima pa makina osema zitsulo m'fakitale ya zipangizo za mathirakitala, ndipo ndi komweko kumene analowera kalabu yowombera mfuti. Tisabise, poyamba anatsatira masoseji, chifukwa Loweruka lililonse akatha kuwombera ankawotcha masoseji. Kenako zinawalowa m'magazi. Ankawombera ndi dzanja lamanja ngati wina aliyense, ndipo ankachita bwino ndithu: nambala yachiwiri, yachitatu, yachiwirinso. Yoyamba ayi, olo kamodzi. Timakapu ting'onoting'ono ta mphotho tinadzaza kabati mpaka a Oldřich anayamba kusungiramo misomali.

Ndiye inabwera nyamakazi. Mwa zala zonse khumi inasankha chamkombaphala cha kumanja, chowomberacho. M'mawa kukazizira chinkauma gwa, ndipo mbale zachitsulo zimene amawomba pampikisano, zomwe kale ankazigwetsa akucheza, zinayamba kuwayang'ana zili chiimire.

Radim, mkulu wa timu, anawatengera pambali tsiku lina pafupi ndi powotchera masoseji. Anazungulira nkhani, anatsokomola, kenako anaitulutsa. Mpikisano wa chigawo unali mu Seputembala, timu imakhala ya anthu atatu, ndipo kalabu inali italandira dokotala wa mano wina, dzina lake Kamil, wa mfuti yonyezimira ndi maso akuthwa. Mayeso osankha atatuwo adzachitika pakatha masabata atatu, koma mwina amayi angakonde kumangolemba zotsatira pathebulo, pamthunzi.

"Iwe Radim," anatero Mayi Vlasta, "ndinakuona ukudontha mamina pakhomo la fakitale podikira mayi ako. Lero ukundipatsa mthunzi?"

Anayankhula mwamphamvu, koma atafika kunyumba analira. Ankadziwa kuti mnyamatayo sananame. Lolemba anakulunga mfuti m'chikwama n'kupita nayo kwa a Ctibor, mmisiri wokonza mfuti kuseri kwa tchalitchi, kuti awapezere woigula.

A Ctibor anali munthu wosathamangira zinthu. Anati asanaiike pa malonda ayambe aimasula aone m'kati. Ali pakati pomasula, kasikuluwu kanathawa, kanagubuduka pathebulo n'kudumphira pansi. Sikanafike pansi. Dzanja lamanzere la Mayi Vlasta linakawakha m'malere, mwini wake asanaganize n'komwe.

A Ctibor anatsitsa magalasi. Anayang'ana dzanjalo, anayang'ana nkhope ya mayiwo, imene inali itafiira ngati agwidwa akuba.

"Mayi, mwatinamiza zaka zingati?"

Anayesa kukana. Anati zangochitika, aliyense akhoza kuwakha sikuluwu. A Ctibor sanatsutse, anangowapatsa mfuti ina yopanda zipolopolo n'kunena kuti aiike paphewa lamanzere. Inakhala pamenepo ngati inabadwira pomwepo. Chala cha kumanzere, chimene zaka zonsezi chinkangodula buledi mobisa, chinapindika mosavuta.

Vuto linali limodzi. Mfuti yawo inali ya mtundu wodzilonga yokha: ukawombera, chitsulo cham'kati chimabwerera m'mbuyo, kutaya khoko la chipolopolo, n'kukankhira chipolopolo china m'malo. Magazini, kabokosi ka zipolopolo, ikatha, chitsulocho chimaima kumbuyo, ndipo ukalowetsa ina umadina kabatani ka m'mbali kuti chitsekeke. Kabataniko kali kumanzere kwa mfuti, pamalo pamene wamanja amakafikira osayang'ana. Wamanzere amachita kuwolotsa dzanja pamwamba pa mfuti n'kumapapasa. Masekondi awiri atha pamenepo, ndipo pampikisano masekondi awiri ndi malo a dokotala wa mano.

A Ctibor anayala nsalu yobiriwira n'kuikapo tizitsulo titatu tothetsera vuto la kabatani kaja. Koyamba kanali kandodo kakatali kodutsa pafupi ndi chowombera. Mayi Vlasta anakakankhira kumbali osakagwira kawiri, anati chala cha munthu wothamangira nthawi chisamakhale ndi ntchito ziwiri pamalo amodzi, makamaka pamalo amenewo. Kachiwiri kanali ka anthu amanzere okhaokha, kosamutsiratu kabatani mbali inayo. Kachitatu kanali ndi makutu awiri, lina uku lina uku. Kameneka Mayi Vlasta anakayendetsa pa chikhadabo monga ankachitira kufakitale, napeza pokanda, n'kufunsa kuti anasema ndani, ankaodzera kapena chiyani. Anapempha tupa, anakasalaza okha, a Ctibor akungoseka.

Mmisiriyo anaganiza kuti asankha ka mbali zonse kuti amuna awo nawo azitha kuwombera. Mayi Vlasta anati a Oldřich sangalase khoma la nkhokwe ngakhale atawatsekera m'kati mwake.

"Dzanja lamanjali silinapemphe ntchito imeneyi," anatero. "Anachita kulikakamiza, ndipo landigwirira zaka makumi asanu ndi mphambu. Sindingalichotse ntchito ngati mmene akufunira kundichotsera Radim. Lisiyireni kabatani kake."

Masabata atatu amenewo a Oldřich anavutika. Mbatata zinkapserera, akazi awo ali m'chipinda ndi mfuti yopanda zipolopolo, kulowetsa magazini, kudina, kuchotsa, kulowetsanso. Pakati pa sabata ankapita kubwalo lowomberera nthawi imene kulibe anthu, chifukwa manyazi aja anali asanathe. Munthu wa zidzukulu zinayi kuopa mphunzitsi amene anamwalira kalekale! Iwo eni ankadziona kupusa kwake, komabe akamva galimoto ikubwera ankasinthira mfuti kumanja.

Loweruka la mayeso kunali dzuwa. Mbale makumi awiri, magazini ziwiri za zipolopolo khumikhumi. Radim anawombera bwino. Dokotala Kamil nayenso anawombera bwino, n'kuyamba kupukuta mfuti yake ngati munthu amene wamaliza ntchito. Mayi Vlasta ataitanidwa anaima pamzere n'kukweza mfuti paphewa lamanzere. Kumbuyo macheza anaduka. Wina ananong'ona kuti gogo asokonezeka.

Kawotchi kanalira. Mbale zinayamba kugwa motsatana, ngati winawake akuzikoka ndi chingwe. Pa yachisanu ndi chiwiri khoko lotentha linadumpha, linagunda chipilala n'kugwera m'kolala ya bulauzi yawo. Linawotcha, asakunamizeni munthu. Sanagwedezeke. Magazini inatha, dzanja lamanja linalowetsa ina, chala chachikulu chinapeza khutu latsopano lija pomwepo, chitsulo chinatseka. Mbale ya makumi awiri itagwa, anachotsa magazini, anaonetsa woyang'anira kuti mfuti ilibe kanthu, anaiika pansi, ndipo kenako mpamene anavina pofuna kutulutsa khokolo, akutukwana mawu amene m'tchalitchi sanenedwa.

Woyang'anira anawerenga nthawi kawiri. Nambala yoyamba. Radim anali wachiwiri, wachitatu mlimi wina wa njuchi, ndipo dokotala wa mano anatsala panja. A Oldřich anataya foloko ya masoseji m'makala n'kuthamanga, bambo wa mimba yake, akufuula kuti ameneyo ndi mkazi wawo, ngati panali amene sankadziwa.

Radim anabwera ndi pepala la zotsatira, makutu atafiira. Anapepesa bwinobwino, pamaso pa onse, ndipo Mayi Vlasta anamuuza kuti mthunzi uja akaupereke kwa adokotala. Kunangotsala kusaina. Dzanja lamanja linanyamuka lokha monga mwa chizolowezi, linafika pa cholembera, n'kuima. Anachisamutsira kumanzere.

Zinatenga nthawi kuposa mbale makumi awiri zija. Zilembo zinatuluka zikuluzikulu, zopendekeka, V wake wotsamira, S wotsala pang'ono kugwa. Dzanja limenelo linalekezera kulemba lili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo linayambira pomwe linalekezerapo. Palibe anaseka. Mayi Vlasta analiyang'ana dzinalo kwa kanthawi, misozi ikutsika osaipukuta, kenako anapempha Radim kuti pepalalo akalijambule, loyambiriralo awabwezere.