Mpando wa a Malovu

Achimwene anga apera miyala zaka makumi atatu m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya mikanda, momwe inenso ndinkagwira ntchito yotunga mikandayo pa ulusi. Kuntchito amawatcha a Malovu, chifukwa mwala uliwonse amayamba aunyambita asanaupere. Akuti mwala wouma ngwabodza, mtundu wake weniweni umaoneka ukanyowa. Ndinkawanena kuti tsiku lina adzameza umodzi, koma achimwene ndi nkhutukumve.

Mwala wawo wapamtima ndi sodalaiti, wabuluu wa mizere yoyera. Siwodula kwenikweni, koma ngwamakani: ukaukanikiza pa makina operera molunjika mzere, umangoti phwa! pakati. Ntchito yonse yagona pa maso.

Maso omwewo ndiwo anayamba kuchita ng'ala. Mwezi umodzi wokha anaswa miyala inayi, ndipo mwini shopu anawauza mosapsatira kuti ukasweka wachisanu, mpando wawo wa pa makina aupereka kwa wina. Zinandipweteka mtima. Munthu ameneyu anandilera ndi mpando umenewu, ndipo kunja kwa kachipindako sadziwa chochita ndi manja ake.

Ndiye ndinayamba kulawirira. Ndinkanyowetsa miyala ya tsikulo, n'kulondola mzere uliwonse woopsa ndi polishi wa zikhadabo wosaoneka, kuti chala chawo chizimva potundumuka. Miyezi itatu inatha osasweka ngakhale umodzi. Ine phee pa tebulo langa, kudziona ngati katswiri wa chinsinsi.

Tsiku lina mwini shopu anabweretsa chimwala chachikulu ngati chibakera, choti chikhale cha m'khosi mwa mkwatibwi wina. Anayamikira kuti maso a a Malovu abwerera mwakale. Achimwene anachitembenuza m'manja, anachinyambita, kenako anaimirira.

"Bwana, maso mukuwayamikirawo si anga ayi, ndi a mlongo wangayu," anatero. Atatero anatembenukira kwa ine. "Iwe, miyezi itatu ndikunyambita polishi wako wowawayu. Umayesa lilime nalonso lachita ng'ala?"

Ndinasowa pobisa nkhope. Iwo anafotokozera bwanayo kuti m'miyezi yonseyo sindinaphonye mzere ndi umodzi womwe, ndipo munthu wotere n'kumulakwira kumusiya akutunga mikanda. Ndinakana, ndinalira, ndinati ndinkangofuna kuti mpandowo ukhalebe wawo. Anandigwira paphewa n'kundikhazikapo okha.

Chimwala chija ndinachipera masiku anayi, iwo ali chiimire kumbuyo kwanga, kumvetsera kulira kwa makina n'kumandiuza pofewetsa dzanja. Sichinasweke.

Lero amakhala pa tebulo langa lakale, kutunga mikanda mopapasa, ndipo sadandaula. Ine ndiye ndimadandaula, chifukwa mpando ndinkawasungira uja ndinawalanda ndine. Koma m'mawa uliwonse ndisanayatse makina, amatambasula dzanja. Ndimawapatsa mwala woyamba, amaunyambita, n'kundibwezera.