Zomwe Ndinamva M'lole Pochokera Ku Mlowe

Anzanga, ine Hezron ndinadziwana naye tsiku limene mpira wake unandimenya kumsana.

Munali mu 2016, ndili Form 3. Mayi anga ndi nurse, ndiye atawasamutsa ku Dedza kupita ku Mhuju m'boma la Rumphi, ine ndinatsatira. Chitumbuka sindinkadziwa olo pang'ono. Chomwe ndinkadziwa ndi basketball, ndipo court yathu inali pafupi ndi ground ya anyamata.

"Sorry chomene, sister! Mwapweteka?"

Kutembenuka, ndi captain wa team ya football. Wamtali, thukuta kamukamu.

"Muzimenya pagolo, osati anthu," ndinamuyankha.

Anaseka. Koma amene anaseka kwambiri ndi Twambilile, mnzanga wa m'team amene tinkamvana kwambiri pa ma pass. Bambo ake a Twambi anali a deputy head komanso mkulu wa mpingo, munthu woti akangotsokomola, corridor yonse zii.

Twambi yemweyo ndi amene anandibweretsera kalata ya Hezron.

"Dinah, mwana wa eni sakugona tulo. Umulole, ndi mnyamata wabwino."

Ndinamulola.

Season itayamba, eee, ndinkaona ngati ndili kumwamba! Ma team onse awiri tinkakwera lole imodzi popita ku ma game. Ku Katowo Hezron anagoletsa zigoli ziwiri, n'kuthamangira komwe tinaima atsikana akuloza ndi chala. Sukulu yonse, "Dinah! Dinah!"

Koma pali tinthu tina timene tinayamba kundisowetsa mtendere.

Choyamba, sitinkakhala awiriwiri. Ndikati tikumane kumsika, yankho linali lomwelomwelo: "Ubwere ndi Twambi, anthu asatikayikire."

Tikakumana, ankacheza nane kamphindi, kenako awiriwo n'kulowa m'Chitumbuka. Chothamanga, chapansipansi.

"Mukukamba chani?"

"Za mpira, babe."

Za mpira zoseketsa choncho?

Tsiku lina ndinapeza sokosi za Hezron, zofiira zosewerera zija, zitayanikidwa kuseri kwa nyumba ya a deputy.

"Anandipempha ndimuchapire, iwe unali ku practice," anatero Twambi.

Practice yake iti yomwe iye kunalibe? Sindinafunse. Ndinkaopa kuoneka wansanje.

Kenako a deputy anandiitanitsa ku staff room.

"Ndiwe amene ukusokoneza captain wathu? Wabwera kudzaphunzira kapena kudzakwatiwa?"

Anaitanitsa mayi anga. Ndinatchetcha udzu masiku atatu, manja matuza okhaokha. Hezron sanandipepese nkomwe. Anangoti, "Limba mtima, zitha."

Apa m'pamene ndinapita kwa a Nelly, mayi amene ankakolopa kuchipatala komwe mayi anga ankagwira ntchito.

"Ndiphunzitseni Chitumbuka, koma musauze munthu."

"Wapeza wa kuno eti?" anandiseka.

Miyezi iwiri ndinkaphunzira madzulo aliwonse. Kusukulu ndinkadzipangabe mbuli.

Semi-final tinakasewera ku Mlowe, ndipo tonse tinawina, anyamata ndi atsikana omwe. Pobwerera, dzuwa likuswa mtengo, lole ikukwera zitunda za Chiweta pang'onopang'ono, anthu atatopa nako kuimba. Ndinatsamira chikwama cha ma jersey n'kutsinzina. Hezron anali kumanja kwanga, Twambi kumanzere.

"Wagona?" anafunsa Hezron.

"Olo adzuke. Wakupulika yayi," anatero Twambi, kutanthauza kuti sindimva.

Anapitiriza m'Chitumbuka, ine ndikumva liwu lililonse.

"Adada asiya kundilonda," anatero Twambi, kunena bambo ake. "Zayenda. Akukhulupirira kuti uli ndi wa ku Dedzayu."

"Koma ndatopa kumunamiza. Akundimvetsa chisoni."

"Pirira mpaka ulembe mayeso. Zaka ziwiri tabisa, ulephere miyezi itatu?"

Anzanga... zaka ziwiri! Ine ndisanabwere nkomwe ku Rumphi. Ndiye kuti kalata ija anakonzera limodzi. Ku Katowo kuja, amene anaima pambali panga anali Twambi. Udzu uja ndinatchetchera chibwenzi cha eni.

Ndinatsegula maso.

"Napulika vyose," ndinatero. Ndamva zonse.

Twambi anagwira pakamwa. Hezron anangoyang'ana kuphompho ngati adumphe.

"Dinah, ndikufotokozere..."

"M'chilankhulo chiti?"



Final inali Loweruka lotsatira, pasukulu pathu pomwe. Anyamata anatenga cup yawo m'mawa. Masana inali nthawi yathu, ndipo sukulu yonse inazungulira court, a deputy atakhala pampando kutsogolo.

Kutatsala ma second ochepa, tinali kumbuyo ndi point imodzi. Mpira unali m'manja mwanga. Twambi anali yekhayekha pansi pa ring, manja m'mwamba.

"Dinah! Kuno! Kuno!"

Coach wathu, a Overton, akukuwa, "Pass! Pass!"

Ndinamuona bwinobwino. Manja anga anakana.

Ndinaponya ndekha ndili kutali. Mpira unagunda chitsulo n'kugwera kunja. Wezulo inalira.

Sukulu yonse inandida. Ankati ndine wodzikonda, ndinkafuna dzina. Atsikana a Form 4, amene inali season yawo yomaliza, analira pamaso panga, ndipo amenewo ndimawapepesabe mumtima mpaka lero. Sanandilakwire kanthu.

Ndikanatha kupita kwa a deputy n'kuulula zonse. Sindinapite. Term yotsatira ndinasiya basketball.

Hezron ananditumizira message pa Facebook chaka chatha, akuti ndimukhululukire, anali mwana. Za Hezron ndinaiwala kale, anzanga. Chomwe chimandipwetekabe ndi Twambi. Ndinkamuuza zonse, ngakhale mmene ndinkamukondera mnyamatayo, iye n'kumandithandiza kusankha mawu oyankhira makalata.

Mtima ukayamba kukufunsa mafunso, usaukalipire. Wanga unandichenjeza katatu konse, ine n'kumauuza kuti ndi nsanje.