Mabokosi Awiri pa Maliro Amodzi

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka imvi, nandipatsa mpweya woti ndifotokoze zimene maso anga anaona. Si zonse zimene ndazimvetsa, koma Iye amazidziwa.

Mwana wa mlongo wanga anamwalira mwezi wa Juni, chisanu chili pakati, chaka cha chisankho. Anali mnyamata wa kabaza, ndipo chifuwa chinamutenga mofulumira. Mayi ake ndi wamasiye, ndipo nthawi imeneyo ankagulitsa kachewere mumsika wa pa tauni yathu yaing'ono kuno ku mapiri a Dedza. Benchi yake inali pafupi ndi chipata, pamene aliyense amayambira kugula. Ana ake ena awiri ankadya ndi kuphunzira chifukwa cha benchi imeneyo. Malo a mumsika amagawa ndi a komiti, ndipo tonse tinkadziwa kuti komitiyo imamvera akhansala.

Dera lathu lakhala likuvotera chipani chimodzi kuyambira kale, monga mmene munthu amatsatira mpingo wa makolo ake. Koma chaka chimenecho kunatuluka mwana wa konkuno, wamalonda a matabwa, amene anaima payekha kupikisana ndi akhansala, ndipo achinyamata ambiri anamutsata. Malemuyo ankakwera lole iliyonse yopita kumsonkhano. Ndikamudzudzula ankangoseka, amvekere mphepo ya kuno siifunsa kuti malaya wavalawo ndi a chipani chanji.

M'mawa wa tsiku loika maliro, amayi a mphakati akuimba m'nyumba, galimoto ya wamatabwa uja inafika ndi bokosi lonyezimira. Tisanamalize kuthokoza, inafikanso ya akhansala ndi bokosi lina. Anawatsitsa pabwalo moyandikana, ndipo nyimbo inazilala yokha. Mbali iliyonse inkati malemu anali mnyamata wawo. Ndinakumbukira asilikali aja pansi pa mtanda, akuchita maere pa malaya.

Monga malume, wopereka yankho ndinali ine. Wapampando wa msika ananditengera kuseri kwa nkhokwe, n'kundiuza mwaulemu kuti akhansala saiwala munthu amene wawachititsa manyazi pagulu, komanso kuti benchi ya pachipata ambiri amaisirira. A mbali inayo anati lawo ndi limene linayamba kufika, ndipo mphatso ya pamaliro siibwezedwa. Akuluakulu a gule, amene timasiyana nawo pa zambiri, nkhawa yawo inali ina: ankati bokosi lopanda kanthu likagona pamudzi limaitana mwini wake. Ine zimenezo sindizikhulupirira, komabe ndinaona anthu akuwalambalala mabokosiwo, maso ali kumbali.

Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi mlongo wanga. Ndinamuuza zonse, osabisa za benchi. Ndinamulangiza kuti tilandire la akhansala, pakuti wakufa samva kuzizira koma amoyo amamva njala. Anafumbata kolona yake m'manja.

"Achimwene," anatero, "ali moyo ankamukweza pa lole ngati thumba la kachewere. Lero akufuna amunyamulenso? Kawauzeni akalipentala a kutchalitchi akhome lathu."

Ndinamufunsa ngati waganizira ana aja. Anati wawaganizira.

Ndinatulutsa matabwa a paini amene ndinkasungira chitseko, akalipentala n'kuyamba kukhoma, adzukulu akudikira kumanda. Kenaka ndinapita kukathokoza mbali zonse ziwiri, chipewa chili m'manja. Anakweza mabokosi awo m'magalimoto, ndipo anthu awo ananyamuka mwambo usanayambe. Tinamuika mwanayo dzuwa litapendeka, m'bokosi losapaka vanishi. Mumtima ndinkadzilimbitsa pokumbukira kholo lathu la chikhulupiriro lija, limene linakana kupatsidwa ulere manda a mkazi wake m'dziko la eni.

Akhansala anapambananso. Mlongo wanga atabwerera kumsika, masiku a chisoni atatha, anapeza pa benchi yake pali mayi wina. A komiti anati malo sangakhale opanda munthu pamene msonkho umafunika tsiku ndi tsiku. Tinakadandaula ku ofesi, ndipo anatilandira bwino, n'kutiuza kuti nkhani za msika zimayambira kwa akhansala. Wamatabwa uja naye anasiya kutipatsa moni.

Lero mlongo wanga amagulitsira m'mbali mwa msewu waukulu, kuthamangira mawindo a minibasi beseni lili pamutu, miyendo itatupa. Mwana wake wamkulu anasiya sukulu kuti azimuthandiza. Mlongo wangayo sanandiuzepo kuti akunong'oneza bondo, ndipo ine sindinamufunse. Ndikagwada kupemphera sindidziwa kuti ndipemphe chiyani: mtima wolimba ngati wake, kapena ndingolira kuti tsiku lija sanandimvere. Yankho silinabwere mpaka lero.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni pamodzi ndi ana anu. Akupatseni atsogoleri omuopa Iye, ndipo tsiku la misozi likadzafika pakhomo panu, adzakutumizireni anthu ongodzalira nanu basi. Mtendere wake ukhale nanu. Amen.